Masiku Makumi Anayi a Phala

Kodi mungalote chimene Namaseko anabisa kuseri kwa khola?

Lamulo linali lakuti makina a leza, ochiza ndi kuwala, azithandiza munthu mmodzi panyumba pachaka. Chaka chimenecho makinawo anatsuka nkhama za amuna a Namaseko, a Chikuse, kuti fupa lodyeka ndi chiseyeye limerenso. Koma munthu akatafuna cholimba masiku makumi anayi asanakwane, banja lonse linkachotsedwa pamndandanda wa odikira makinawo. Chonsecho mano a Namaseko nawonso ankagwedera.

A Chikuse ankangozungulira pabwalo, kuvundukula madengu.

"Phala, phala! Ndine khanda ine, mayi a Tadala?"

"Khanda limamva, bambo. Chaka chamawa ndi changa, musandipweteketse."

Iwo anakasuzumira m'nkhokwe, kenaka nkulunjika kukhola, mphuno ili m'mwamba. Namaseko anadzambatuka nkuwatsekereza njira.

Pansi pa mapesi panali nzimbe zitatu.