Zitini za Dzimbiri

"Ndiye mwapeza chiyani?" Lorena Goseyun anafunsa atatsamira galimoto ya boma.

Whitcomb, mkulu amene anatumidwa kudzayendera phiri la makolo a Lorena boma lisanalipereke kwa kampani yokumba mkuwa posinthana ndi malo ena, anapukuta thukuta. "Mayi, tayenda ponseponse. Palibe chosonyeza kuti pano pamafika anthu."

"Palibe? Ife Aapache, mtundu wa eni nthaka ino, timatola mtedza wa mitengo ya oki pano chaka ndi chaka! Mwana wanga anavinidwa patsinde pa mtengo uwo."

"Sindikukana. Koma ndionetseni chogwirika. Mafuwa, phulusa, kaya mzati wa msasa."

Lorena anaseka. Ali mwana, mayi ake ankamukalipira akasiya ngakhale kachingwe. Mwambo ukatha ankagwetsa misasa, kukwirira phulusa, kubwezera mwala uliwonse pamalo pake, kenako kufufuta mapazi awo ndi nthambi. "Phiri si pakhomo pako," ankatero mayiwo. "Uzilisiya ngati sunafikepo."

"Ndiye mlandu wathu ndi kusesa, eti bambo?"

"Lamulo limafuna umboni, mayi. Komabe musadandaule, sadzakumba ponse. Kumusi uko tapeza malo oyenera kutetezedwa."

Lorena anatsetsereka chothamanga, akuganiza kuti mwina apeza za makolo ake. Anapeza antchito akumanga mpanda wawaya kuzungulira mulu wa zitini za dzimbiri ndi mabotolo a mowa, zimene azungu ofufuza miyala anataya kalekale.

Whitcomb anafika pambuyo pake akupumira m'mwamba, nkhope yake ili ngwee. "Zapitirira zaka makumi asanu zimenezi, mayi. Ndi mbiri ya dziko lathu. Chonde musazigwire."