Vuto la Dzina la Mayi Meya

Ermelinda Mucopa anali atakhala pabenchi ya pakhonde la ofesi yofufuza anthu ku Quelimane kuyambira m'mawa. Tsopano dzuwa linali paliwombo, bulauzi itamata kumsana ndi thukuta. Aliyense wotuluka m'chitseko chobiriwiracho ankamupatsa moni waulemu n'kudutsa msangamsanga, osamuyang'ana kumaso.

Masabata asanu anali atapita chimusankhireni kukhala meya wa tauni yake. Kulumbira kunali Lolemba likudzalo. Koma chaka chimenecho kunabwera lamulo loti aliyense wopambana ayambe wafufuzidwa ndi a zachitetezo, apatsidwe chikalata chomuyeretsa, asanakhale pampando. Anzake onse m'chigawocho analandira zawo kalekale. Kwa iye kunali zii. Kenaka dzulo lake foni inalira: abwere yekha, pali funso loti ayankhe ndi pakamwa pake.

Pamisonkhano ankalidzudzula lamuloli mopanda mantha. "Anthu akasankha, asankha. Nanga wofufuzayo anamusankha ndani?" Amayi ogulitsa nsomba ndi anyamata a njinga za kabaza ankaomba m'manja mpaka kupweteka. Palibe anadziwa kuti iye mwini anali ndi chinsinsi chimene ankabisa.

Sabata yathayo anamva kuti amuna awiri ovala bwino anafika kumudzi kwawo n'kupempha wansembe mabuku akale a ubatizo. Ankaganiza za mwamuna wake, amene anakhala naye zaka makumi awiri osamuuza chinsinsicho. Ankaganiza za mayi ake aang'ono, Dona Felismina, amene tsopano sankaona bwino, akuwakweza m'galimoto ya apolisi.

"Dona Ermelinda, lowani."

Mkulu wofufuzayo, bambo Nhampossa, anali munthu wonenepa, wolankhula pang'onopang'ono. Anamukokera mpando, namuthirira madzi m'tambula. Ulemu umenewu ndiwo unamuopsa kwambiri. Patebulo panali faelo yochindikala, pepala limodzi litavundikiridwa pamwamba pake.

"Pepani takuchedwetsani. Kunja mwabwera nako kutentha eti?"

"Bwana, musandizungulitse. Lolemba layandikira. Anthu agula kale nsalu, asoketsa. Mundiuze chimene mwapeza."

"Ayi, mayi, musathamange mtima. Kungoti pali vuto ndi dzina lanu." Anaika chikhatho papepala lija. "Ndinati ndisalembe kanthu ndisanamve kwa mwini wake. Dzina lanu lenileni timalemba bwanji?"

Ermelinda anayang'ana pawindo, nsonga za mitengo ya kokonati zili duu, kopanda ndi kamphepo komwe. Anaganiza zokana. Anaganiza zodzuka n'kuitana loya. Koma ngati ofufuzawo anafika mpaka m'mabuku a tchalitchi, kukana kukanangokokera nkhalamba ija m'matope. Kunali bwino alankhule yekha, mlandu ugwere iye.

"Ndine Alzira," anatero. Dzinalo linatuluka movutikira, ngati la mlendo. "Alzira Namalue. Ermelinda anali mwana wa mayi anga aang'ono."

Bambo Nhampossa anatsegula pakamwa, koma iye anakweza dzanja.

"Ndisiyeni ndimalize, mukandidula sindithanso. Nthawi ya nkhondo tinathawira kutsidya kwa malire. Makolo anga anatsala panjira. Mu msasa munagwa kolera, Ermelinda anadwala masiku awiri okha. Iye anali ndi khadi la ubatizo ndi pepala la sukulu. Ine ndinalibe ngakhale kanthu kosonyeza kuti ndinabadwa. Tinali msinkhu umodzi, zaka khumi ndi ziwiri. Ataikidwa m'manda, pamtanda mayi anga aang'ono analembapo dzina langa, ine n'kundipatsa dzina lake ndi mapepala ake."

Anatsika pampando n'kugwada pasimenti, nsapato imodzi itavuka.

"Sindinabe voti ya munthu, bwana. Sukulu ndinaphunzira ndi mutu wangawu. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala mphunzitsi, funsani aliyense. Amene anaima pamzere padzuwa ankasankha ine, nkhope ino, osati khadi. Ngati n'kumanga, mangani ine. Koma mayi anga aang'ono asiyeni afere pakhomo pawo. Anangoona mwana wamoyo wopanda dzina ndi dzina lopanda mwana. Inu mukanatani?"

Misozi inali itasakanikirana ndi thukuta. Anagwira mwendo wa tebulo ndi manja onse awiri.

"Ndipatseni chaka chimodzi chokha. Ndinalonjeza mijigo kumsika ndi denga la chipinda cha amayi oyembekezera. Ndikamaliza ndidzabwera ndekha, simudzachita kunditumira galimoto."

Kunja belu la njinga linalira. Bambo Nhampossa anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya tayi, nawavalanso. Nkhope yawo inali itagwa.

"Dzukani, mayi. Chonde khalani pampando."

Atakhala, iwo anatembenuza pepala lija n'kulikankhira kutsogolo kwake. Linali ndi siginecha ndi chidindo chofiira.

"Chikalata chanu chinatuluka kalekale, sitinapeze kanthu. Kungoti mlembi wathu analemba Hermelinda, pomwe chiphaso chanu chikuti Ermelinda. Ndinkangofuna mundiuze ngati pali H kapena palibe."

Analikoka pepalalo pang'onopang'ono, nalibwezera m'faelo. Kenaka anatenga lina loyera ndi cholembera.

"Tiyambirenso. Mwati dzina lanu ndani?"