Mchere m'Nyemba za Esinati

Nyumba iliyonse m'mudzimo tsopano inali ndi Sefa, kabokosi kolankhula kokhomedwa pakhoma. Lamulo linkati munthu angathe kukakamiza a m'nyumba mwake pa za chikhulupiriro zokha, koma pa za mwambo ayi. Wosiyanitsa ziwirizi anali Sefayo.

Tsiku limenelo Esinati anali kumwezi. Atatapa mchere kuti athire m'nyemba, apongozi ake, aNangondo, anamugwira dzanja.

"Mukufuna mwana wanga adwale mdulo, azitsokomola mpaka kutupa miyendo? Mulungu amakana zimenezi."

"Funsani Sefa, amayi," anatero Esinati osakweza mawu.

Sefa inayankha ndi mawu ake ozizira aja: "Ndafufuza m'mabuku a mpingo wanu. Za mchere mulibe. Uwu ndi mwambo. Musiyeni."

ANangondo anamusiya, ndipo Esinati anathira. Zaka zisanu ndi zinayi anakhala akudikira tsiku limeneli, koma mumtima sanamve kanthu. Mcherewo unangosungunuka basi.

Masana mwamuna wake, Gelevazio, anadya nyembazo. Sefa yomweyo inali itamuletsa kale kudya yekha nthutumba ya nkhuku ponena kuti umenewonso ndi mwambo, ndipo iye sanadandaule. Atatsala pang'ono kumaliza, khoko la nyemba linamutsamwa, natsokomola kamodzi kokha.

Palibe amene anatembenukira kukhoma. ANangondo anayang'ana dzanja la Esinati. Gelevazio anamwa madzi, nayenso n'kuliyang'ana.

Esinati anadzazindikira kuti dzanjalo walibisa kale m'chitenje.