Mpindiro wa Kadiresi

"Mwabwera kuti timasule mpindiro uja eti?" anatero telala, akulandira kadiresi kobiriwira m'manja mwa mayi wina. "Paja ndinapinda zala zinayi kuti mwana akule nako. Zaka ziwiri zatha ngati dzulo."

Mwana woyamba wa mayiyo, mwini kadiresiko, anali atamugwira siketi, akuyang'ana makina.

Telala anatenga tepi n'kumuyeza mwanayo kuchokera paphewa mpaka pabondo. Anayezanso kachiwiri, kenako anayang'ana m'kope lake la miyezo.

"Koma mayi, wangowonjezera chala chimodzi chokha."

"Kusikelo akuti wapinimbira," anatero mayiyo, ngati akunena za mwana wa eni. "Ndinamusiyitsa kuyamwa ali ndi miyezi isanu, nditatenga pakati pena. Kenako kunali kutsegula m'mimba mwezi ndi mwezi, chifukwa cha madzi a pachitsime paja. Akuti phala lopanda kanthu limangodzaza mimba. Apongozi anga akuti palibe vuto, kwawo onse ndi aafupi."

"Nanga timasulirenji? Kakumukwanabe bwinobwino."

Mayiyo analoza kukhomo. Panaima kamtsikana kena kakuyamwa chala, mutu utafika pachogwirira chitseko.

"Kakhala ka mng'ono wakeyo tsopano. Iyeyo kakumufupikira."

Telala anatenga lumo n'kuyamba kudula ulusi. Mwana wamkulu uja anayang'ana mpindiro ukumasuka, kenako anakoka siketi ya mayi ake.

"Amayi, ndikadzakula adzandibwezera?"