Chala Chotsegulira Labotale

Chitseko cha labotale ya boma sichitsegukira ofufuza akunja mpaka munthu wa m'mudzi muno atadinda chala pa makina a pachitsekopo. Mwezi uno chala chake ndi changa. Kunyumba sandilola kutonola chimanga, kuopa kuti mizere yapachala ingafufutike.

Dzulo kunabwera a Dokotala Kaliwo, omwe nthawi ina anatenga magazi a mkazi wanga n'kunena kuti, "Tikuuzani zotsatira." Tinamuika m'manda tikudikirabe.

"Bambo, mawa mukanditsegulire. Magazi ndabwera nawowa akachedwa awonongeka."

"Ndamva."

Atachoka, ndinatonola dengu lonse. Mlamu wanga Nasiketi, mng'ono wa malemuyo, anandiyang'ana, kenako anabweretsa dengu lina.

Lero makina akana chala changa.

"Ndiye chipola liti?" anafunsa adokotala.

"Pitani," ndinatero. "Tikuuzani."