Makilo a Alamu

Panali mayi wina wachitsikana ku Chilinde, dzina lake Zulaikha. Amene ananditumizira nkhaniyi akuti anaona ndi maso awo.

Zulaikha anali wamtali, ndipo anali ndi mwana woyamwa wa miyezi inayi, dzina lake Bahati. Ankakhala mpanda umodzi ndi alamu ake, mayi Fatu, achemwali a mwamuna wake. Mayi Fatu ndi aafupi, amagulitsa mandazi pamsika, ndipo kale anali onenepa kwabasi.

Mayi amenewa ndi olimba mtima, ndikuuzeni. Atawapeza ndi BP kuchipatala, namwino anawayeza pasikelo, kenako anawaimika kukhoma n'kuwayeza msinkhu. Anawauza kuti sikelo payokha sinena zonse. Amatenga makilo a munthu n'kugawa ndi msinkhu wake m'mamita, n'kugawanso ndi msinkhu womwewo. Yankho lake ndiye amati BMI, ndipo likakhala pakati pa 18.5 ndi 25 ndiye kuti thupi lili bwino. Mayi Fatu anali ndi makilo 84 pa msinkhu wa mita 1.55. Namwino anati oyenera msinkhu wawo ndi makilo osapitirira 60, koma atsike pang'onopang'ono, asathamange.

Anamvera. Anasiya kulawa mandazi awo omwe, inu, munthu wokazinga yekha! Anachepetsa shuga mu tiyi, kumsika ankapita wapansi. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mayiwa akudwala, ena mpaka kuwafunsa ngati ayamba mankhwala. Iwo ankangoseka n'kupitiriza. Patatha chaka ndi miyezi, BP inatsika, mawondo anasiya kupweteka, ndipo omwe ankawanena aja anayamba kuwafunsa chinsinsi.

Apa m'pamene kansanje kanamulowa Zulaikha. Tsiku lina atakwera sikelo ya pamsika anapeza makilo 74, pamene alamu ake anali atafika 63. Zinamuwawa. Analumbira kuti iye afika 55, awapose.

Mayi Fatu anamukhazika pansi.

"Mlamu, iwe ndi ine telala amatidulira nsalu yofanana? Iwe ndiwe wamtali. Tiye kuchipatala akakuyeze msinkhu, mwina palibe n'chochotsa chomwe. Komanso ukuyamwitsa."

Zulaikha anavomera pakamwa, koma mumtima anati alamu sakufuna kuti wina awapose. Malangizo aja anawaponyera kunkhongo.

Mu minibasi yochokera ku tauni anakumana ndi mayi wina wolankhula mokoma, wodzitchula kuti Anti Vaileti. Anali ndi tiyi wa m'timapepala topanda dzina, ati amasungunula mafuta ngati kandulo. Sanamufunse msinkhu, sanamufunse ngati mwana anali kumsanayo akuyamwa. Anangomuuza kuti azimwa katatu patsiku, chakudya chamasana ndi chamadzulo asiye.

Makilo anayambadi kutsika, ndipo Zulaikha ankasangalala. Koma m'mimba munatseguka, akaimirira ankamva chizungulire. Bahati naye anayamba kuliralira. Ankayamwa, kusiya, kulira, kuyamwanso. Mayi wake ankati ndi mano akufuna kumera.

Tsiku la sikelo ya ana litafika, mayi Fatu anaphimba beseni la mandazi n'kumuperekeza, poti ankaona kuti mlamu wawo akuyenda modzandira. Namwino anamukoleka Bahati pasikelo, anayang'ana, anamukolekanso. Mwana anali atatsika. Namwino atamufunsafunsa, Zulaikha anaulula za tiyi uja. Namwino anamuimika kukhoma: mita 1.76.

"Mayi, pa msinkhu wanuwu makilo 74 aja anali abwinobwino. Mukanafika 55 mukanakhala wopyapyala moopsa. Mwadzimana chakudya, thupi lauma, mkaka wachepa. Amene akulipira ndi mwanayu."

Zulaikha anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira. Makilo amene ankawathamangitsa aja, ena ankachoka pa mwana wake. Anaimbira Anti Vaileti, nambala sinkapezekanso.

Wina akanati ndinakuuza. Mayi Fatu sananene zimenezo ngakhale kamodzi. Anamunyamula Bahati kumsana, anamugwira mlamu wawo dzanja mpaka kunyumba. Tiyi uja anakamutaya m'chimbudzi. M'mawa uliwonse asanapite kumsika ankamuphikira phala la mtedza n'kukhala pomwepo mpaka amalize, pamene iwo eni ankadya mopima. Azimayi a pampanda atayamba kuseka, anawadzudzula kuti aliyense asamale za m'nyumba mwake.

Mwezi wotsatira anapitanso onse awiri. Namwino atamukoleka Bahati, muvi wa sikelo unakwera. Mayi Fatu analuluta pakati pa anthu, opanda manyazi. Zulaikha anawagwira mkono n'kunena chapansipansi, "Alamu, ine ndinkafuna makilo anu. Chomwe ndinayenera kusirira ndi mtima wanu."

Phunziro: Makilo a mnzako si ako. Musanaganize zochepetsa thupi, pitani kuchipatala akakuyezeni msinkhu ndi kulemera komwe, akuuzeni makilo okuyenererani, makamaka ngati mukuyamwitsa. Wogulitsa mankhwala osakufunsani kanthu amafuna thumba lanu, osati moyo wanu. Wakutsina khutu ndi mnansi. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa achemwali, alamu ndi magulu anu onse, mwina mupulumutsa mayi ndi mwana wake.