Chala Chopanda Chipsera

Blasius atamaliza kuwerengera mlongo wake Nelia kalata ija, anaipinda mwachangu.

"Alamu ali moyo ku Joniko. Akuti abwera dzinja likubwerali."

Nelia anaitambasula. Zaka zinayi zinali zitadutsa popanda uthenga. Kuwerenga sankadziwa, koma chala cha amuna akecho ankachidziwa. Makalata akale onse ankawadinda ndi chala chachikulu chokhala ndi chipsera cha mbedza ya kunyanja ya Chiuta. Chidindo ichi chinalibe chipsera.

Nelia anayang'ana dzanja la mlongo wakeyo. Inki inali ikadali m'chikhadabo. Blasius anapisa dzanjalo m'thumba n'kuyang'ana kumbali.

Sitima inalira chakutali, cha ku Balaka.

Nelia anakhala pansi pakhonde, n'kumubwezera kalatayo.

"Achimwene, tawerenganinso," anatero. "Koma pang'onopang'ono."